Onse Anagwirizana

Takondwa mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano pakhonde, pamene iwe ndi amayi ako mwapita ku Area 15 kukatsanzikana ndi azakhali ako. Sutikesi yako ili pabalaza yotsekatseka, ndiye kalatayi ndiilowetsa m'kathumba kakunja kaja. Ukaipeza ukafika, kapena m'ndege momwemo pofuna cholembera. Ndikanatha kungokuitana n'kukuuza pakamwa, koma bambo akone ukundidziwa. Nkhani ikakhala yolemera ndimayamba ndi kutsokomola, kenako ndimakufunsa ngati wadya, basi yathera pomwepo. Pepala lokha ndi limene ndimatha kuliuza zinthu mpaka kumapeto.

Pali funso limene unandifunsa milungu itatu yapitayo, ndipo ndinakuyankha moipa. Unkanditayipira maminitsi a komiti ya mumsewu mwathu, poti maso angawa sakugwirizananso ndi kompyuta. Msonkhano wake ndi uja tinachitira pabalaza pa a Mbewe, wapampando wathu, wokambirana zotseka kanjira kachidule kodutsa kuseri kwa mpanda wawo, kamene alonda, osamalira maluwa ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba amalowera m'mawa pochokera kumidzi. Utafika pa chiganizo chomaliza unaima. Ndinali nditalemba kuti, "Onse anagwirizana kuti kanjirako katsekedwe ndi khoma la njerwa." Unatembenuka n'kuti, "Adadi, onse ake ati? Inetu ndinalipo, ndinkathandiza kuperekera tiyi. Mayi Zimba anakana." Ine ndinati, "Tayipa momwemo, ndi mmene maminitsi amalembedwera." Unatayipa. Chichokereni tsiku limenelo umandipatsa moni bwinobwino, umandikumbutsa mankhwala, koma sunandifunsenso maganizo anga pa nkhani ina iliyonse. Usaganize kuti sindinaone.

Maminitsiwo awerengedwa Loweruka likubwerali. Akangovomerezedwa, amisiri ayamba khoma Lolemba. Iwe udzakhala uli kutali, ndipo sindikufuna ukwere ndege utanyamula yankho lija ngati mawu anga omaliza.

Ukupita kukaphunzira za ndale ndi kayendetsedwe ka maboma. Tsiku lina patebulo unati ukufuna ukaone demokalase yeniyeni ndi maso ako. Sindinakutsutse, ndipo sindikukutsutsa. Kumeneko ukapeza aphunzitsi odziwa kuposa ine. Digiri yanga ndi yakale, ndipo zaka zanga zonse zapantchito ndinathera ku City Centre nditakhala kumapeto kwa tebulo, kulemba zonena anthu ena. Zochepa zimene ndikudziwa za demokalase sindinazipeze m'kalasi, ndinaziphunzira polakwitsa. Ndikufotokozera zolakwazo kuti ukakhale ndi choyezera, kumeneko ndi kuno komwe. Mwina zina ukaziona kuti ndi zachibwana. Werengabe.

Nditangochoka ku yunivesite anandipatsa ntchito yolemba maminitsi mu ofesi ina. Bwana wathu anali ndi chizolowezi chimodzi. Akamaliza kufotokoza zimene akufuna, ankayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Ndiye tagwirizana eti?" M'chipinda munkangoti zii. Ena ankatsegula mafayilo, ena ankayang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zodabwitsa. Kenako bwana ankati, "Mlembi, lemba." Ine n'kulemba kuti onse anagwirizana. Tsiku lina nkhani inali yosamutsa madalaivala atatu popanda kumva mbali yawo. Mayi wina wachikulire, amene ankayang'anira za magalimoto, anati, "Pepani bwana, ine sindikugwirizana nazo. Anthuwa tiwamve kaye." Bwana anangoti, "Tamva mayi," n'kupitiriza. Ine mwa usilu wanga wa munthu watsopano ndinalemba mawu a mayiwo. Mawa lake bwana anandiitana, pepala lili m'manja. "Iwe, ichi n'chiyani?" Ndinati ndi zimene ananena mayi aja. Iwo anati, "Mphwanga, maminitsi si wailesi. Timalemba zimene tagwirizana, osati phokoso lililonse." Ndinakafufuta. Sanandiopseze, sanakweze n'komwe mawu. Ndinafufuta chifukwa ndinkafuna andione ngati mnyamata womva zinthu msanga.

Patapita miyezi mayi aja anasamutsidwa nawonso, kupita ku ofesi yakutali kumene kunalibe ndi galimoto lomwe loti aliyang'anire. Anadandaula kwa akuluakulu kuti akulangidwa chifukwa chotsutsa nkhani ya madalaivala. Akuluakuluwo anaitanitsa fayilo. M'fayilomo munalibe paliponse posonyeza kuti mayiwo anatsutsapo kanthu. Tsiku lonyamula katundu wawo anandipeza pamasitepe. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Mwana wanga, tsiku lija ine ndinayankhula kapena ndinalota?" Ndinawanyamulira katoni mpaka pansi, ngati kuti zimenezo zikonza kanthu.

Ndiye ukafika kulikonse, Takondwa, usayambe ndi kufunsa kuti anapambana ndani. Funsa kuti wokana uja ali kuti lero, ndipo mawu ake analembedwa pati. Ngati akadali pampando wake, akudya bwino, ndipo kukana kwake kungapezeke ndi aliyense wofuna kuwerenga, malowo ali moyo. Kaya ndi nyumba ya malamulo, kaya ndi nyuzipepala, kaya ndi komiti ya ophunzira, funso ndi lomwelo. Anthu kukhala chete sindiko kuvomera. Nthawi zambiri amakhala akuganiza za ana awo ndi ntchito zawo. Ndipo ukamva kuti onse anagwirizana, usasangalale msanga. Ine ndalemba mawu amenewo kambirimbiri, ndipo sindikukumbukira tsiku limodzi limene anali oona kwathunthu.

Cholakwa china ndinalakwira a Mwale, mlonda wathu, iwe uli ku pulayimale. Linali tsiku la chisankho. Ndinawauza kuti akwere galimoto tipitire limodzi kokaponya voti, ndipo mumtima ndinkadziona ngati bwana wabwino kwambiri. Njira yonse ndinkawaphunzitsa. Ndinawafotokozera za chuma cha dziko, za mitengo ya zinthu, n'kumaliza ndi kuwauza munthu woyenera kumuchonga. Iwo ankangoti, "Zoona bwana. Ndamva bwana." Tinaima pamzere umodzi, dzuwa lomwelo likutiwotcha tonse. Titamaliza tinabwerera m'galimoto, aliyense ndi inki pachala. Ndisanalize n'komwe injini ndinafunsa, "Ndiye a Mwale, mwachonga paja tinanena paja?" Anayang'ana chala chawo kwa kanthawi, n'kuti, "Bwana, m'galimoto muno takweramo awiri, koma m'kachipinda muja ndinalowamo ndekha." Kenako anaseka, ati, "Kaya mwina cholembera chinaterereka, sindinaone bwino."

Kufunsako kunali kulakwa kale, koma choipa kwambiri n'chakuti ndinakhumudwa. Masiku awiri ndinkadutsa pageti ndikungokweza chala, osatsitsa galasi. Amayi ako anaona. Anandifunsa tili kuchipinda kuti, "Inu abambo a Takondwa, a Mwale akulakwirani chiyani?" Ndinati palibe. Iwo anati, "Munawalemba ntchito yolondera geti kapena yokuvoterani? Ngati ndi yokuvoterani muwauze, awonjezere pa ntchito zawo." Ndinachita manyazi. Mpaka lero sindikudziwa kuti a Mwale anavotera ndani, ndipo ndimathokoza kuti sindikudziwa.

Usaiwale zimenezi. Ukafuna kudziwa ngati chisankho chili chaufulu, usayang'ane anthu ngati ine, amene tili ndi geti ndi galimoto. Yang'ana munthu amene amadya chifukwa cha wina. Kodi angasankhe mosiyana ndi womulemba ntchito, ndi mwini nyumba imene akukhala, ndi abusa kapena ashehe ake, mawa n'kudzuka ntchito ikadalipo, nyumba ikadalipo? Kachipinda kaja n'kopangidwa ndi makatoni chabe, mphepo ikhoza kukagwetsa, koma ndi malo okhawo amene a Mwale ndi ine tinali olingana ndendende. Aliyense wofuna kusuzumiramo umukayikire, ngakhale akhale munthu wokoma mtima, ngakhale akhale bambo ako.

Che Yusufu ukuwadziwa, atelala aja a pafupi ndi msika waukulu amene anakusokera yunifolomu yako yoyamba. Kwa zaka zambiri iwo anali wapampando wa atelala a mzere wawo. Atelalawo ali ndi timalamulo tawo tolemba pamapepala awiri, ndipo lina limati azisankha wapampando zaka ziwiri zilizonse. Chaka china ndinapita kukatenga thalauzi, ndinawapeza ali khuma. Anati chisankho chayandikira ndipo zikuoneka kuti agonja kwa bambo wina amene iwo omwe anamuphunzitsa kusoka. Anandipatsa mapepala aja. "Achimwene, inu munapita kusukulu, tandiwerengereni. Mulibe kanjira umu?" Ndinavala magalasi, ndinawerenga, ndipo kanjirako ndinakapeza. Panali chiganizo chonena kuti wapampando akhoza kuimitsa chisankho ngati pagwa zovuta. Mwezi womwewo mphepo inali itasasula denga la mbali ina ya mzere wawo. Ndinati, "Apa Che Yusufu. Dengalo ndi zovuta. Lamulo silikunena kuti muimitse kwa nthawi yaitali bwanji." Ndinanyadira kwambiri, ngati ndapambana mayeso.

Iwo anapukuta makina awo ndi kansalu. Kenako anati, "Mwawerenga bwino achimwene, ine sindikanaona. Koma denga tikonza Loweruka. Ndikaimitsa chisankho chifukwa cha denga, Lolemba ndikakhala pamakina pano awa azindiyang'ana bwanji? Ndipo uyo akadzalowa, naye adzapeza denga lake." Chisankho chinachitika pa tsiku lake. Anagonja. Masana omwewo, asanapite kumzikiti, anapereka makiyi a chipinda chosungira nsalu pamodzi ndi chidindo. Sabata yotsatira ndinawapeza akusoka moyandikana ndi wowagonjetsa uja, akukangana za simbi. Wapampando watsopanoyo anati, "Madala, simbiyi ndi ya gulu, si ya kwanu." Iwo anati, "Taona, sabata imodzi yokha wayamba kale kulamula simbi." Atanditengera pambali anandinong'oneza kuti, "Uyutu sadziwa kuyendetsa msonkhano. Koma timuchotsa nthawi ikakwana."

Mawu akuti nthawi ikakwana ndawaganizira zaka zambiri. Munthu amene wagonja akapereka makiyi tsiku lomwelo, n'kukhala ndi chikhulupiriro kuti mpata wina udzabwera pa nthawi yake, ndiye kuti maziko alipo. Wopambana naye akamusiya wogonjayo kusoka pambali pake, kumunyoza za simbi poyera, maziko ake ndi olimba. Ukaone zimenezo kumene ukupita. Ukaone ngati ochoka pampando amachoka, ndiponso ngati akachoka amagona kunyumba kwawo mwamtendere. Koma pali chinanso chimene ndikufuna usaiwale, chifukwa chikukhudza iwe. Amene anapeza kanjira kopha chisankho sanali telala. Ndinali ine, wa digiri. Malamulo amafunika, makhothi amafunika, koma anthu ophunzirafe timatha kugwiritsa ntchito lamulo lomwelo kupha chimene lamulolo linaikidwira, n'kumadzitcha anzeru. Iwe ukabwera ndi mapepala oposa anga. Tsiku lina wina adzakupatsa malamulo n'kukufunsa ngati mulibe kanjira. Udzakumbukire Che Yusufu akupukuta makina.

Tsopano ndibwerere ku msonkhano wa kwa a Mbewe, chifukwa iwe unkalowa n'kutuluka ndi thireyi, sunamve zonse. Mantha a anthu aja si abodza. Mabatire a magalimoto abedwa kangapo mumsewu muno, a Mbewe okha awabera kawiri. Tinalipo eni nyumba khumi ndi mmodzi. A Mbewe anafotokoza bwino, n'kumaliza ndi kuti, "Tonsefe tikufuna chitetezo, si choncho?" Mayi Zimba, amene sayankhulayankhula chimwalirireni amuna awo, anati, "Pepani apampando, kodi amene amadutsa pamenepo tawafunsa?" A Mbewe anaseka. "Mayi, uwu ndi msonkhano wa eni nyumba. Tikayamba kufunsa alonda, mawa tidzafunsa ndi ogulitsa makala omwe." Anthu anaseka nawo. Kenako anati ovomera akweze manja. Tinali pabalaza pawo, pamipando yawo, makapu awo ali m'manja, iwo akutiyang'ana mmodzimmodzi. Manja asanu ndi anayi anakwera, kuphatikiza lawo. Atafunsa okana, dzanja la Mayi Zimba linakwera lokha, silinafike n'komwe pamwamba. Ine ndinaweramira pa kope. A Mbewe anati, "Mlembi ali nafe, dzanja lake langotanganidwa." Anasekanso. Ndinamwetulira. Kenako ndinamva mawu amene ndawamva moyo wanga wonse, "Mlembi, lembani," ndipo dzanja langa linalemba lokha zimene linazolowera.

Usiku woyamba ndinadziuza kuti palibe chalakwika. Anthu asanu ndi anayi mwa khumi ndi mmodzi ndi ambiri, ndipo demokalase imati ambiri apambane. N'zoona, ndipo sindikufuna udzanyoze chiwerengero, chifukwa popanda kuwerenga manja amalamula ndi wamphamvu. Koma kuwerenga manja kumabwera pambuyo pa funso lina. Ndani analowa m'chipindamo, ndipo ndani anatsala panja? Tonse amene tinavota timatuluka mu Area 43 pagalimoto. Palibe mmodzi mwa ife amene anapondapo kanjira kaja. Amene khomalo liwatsekere anali kunja, ena akuthirira maluwa athu, ena akutsuka makapu a tiyi amene tinamwera. Ukamayeza demokalase, werenga manja amene akwera, kenako uwerengenso mapazi amene ayende chifukwa cha manjawo. Ngati manja ndi a anthu ena, mapazi ndi a anthu ena, pali chimene chasokonekera ngakhale chiwerengero chikhale cholondola.

Dzulo madzulo, iwe uli kokatenga mapepala ako omaliza, ndinachita chinthu chimene sindinachitepo pa zaka zonse takhala kuno. A Mwale akuweruka, ndinawauza kuti ndiwaperekeza wapansi, koma tidzere njira yaitali ya kumsewu waukulu, imene azidzayenda khoma likamangidwa. Anandiyang'ana nsapato. "Bwana, galimoto lafa?" Ndinati ayi, ndikufuna ndione njirayo. Anati, "Chabwino, koma imaoneka bwino pawindo." Tinayenda. Mbali ina kulibe poyenda anthu, umaponda m'ngalande magalimoto akamadutsa. Pofika pamene kanjira kachidule kamatulukira, tinali titatha pafupifupi ola, pamene iwo amati podzera kanjirako ndi mphindi zochepa. Ine malaya anali atanyowa. Ndinawafunsa ngati anamva za khoma. Anati, "Tinamva bwana." Ndinafunsa kuti kwa ndani. Anati, "Kwa njerwa. Tinangoona zatsitsidwa, tinadziwa kuti nkhani yatha."

Ndinawafunsa maganizo awo, ndipo ndikuvomera kuti aka kanali koyamba. Anati kwa iwo ndi amuna anzawo n'kuyenda chabe, adzazolowera, koma amayi amene amasiya ana kusukulu asanabwere kuntchito ndi amene avutike, azidzachedwa, ndipo ochedwa amachotsedwa. Kenako anati, "Komanso bwana, batire ndi lolemera. Munthu sangasenze atatu n'kudutsa kanjira kaja, n'kopapatiza, kali ndi miyala. Akubawo amabwera pagalimoto, amalowera kumene mumalowera inu komweko. Alonda tonse tikudziwa." Ndinati nanga bwanji simunanene. Anati, "Kuti tinene kuti, bwana?" Sindikudziwa ngati akulondola za akubawo. Mwina akulakwitsa, mwina a Mbewe ndi amene akulondola. Koma taona, tinakhala anthu khumi ndi mmodzi ophunzira, kukambirana za chitetezo maola awiri, osafunsa ngakhale mmodzi mwa anthu amene ntchito yawo ndi chitetezo. Kumva anthu si chifundo chokha ayi. Amene samva anthu amamanga khoma pamalo olakwika.

M'mawa uno ndinapita kwa a Mbewe ndi maminitsi ena, olemba pamanja. Ndinawapeza akuyang'ana njerwa zawo. Anawerenga ataimirira, n'kuvula magalasi. "Achimwene, mukufuna mutiyambanitse mumsewu muno?" Ndinati ayi, ndangolemba zimene zinachitika. Anati, "Nanga inuyo muli mbali iti? Pajatu simunakane." Ndinati sindinavomerenso. Anati, "Wosakana wavomera." Ndinati, "Ndi zimene ndakhala ndikulemba zaka zonsezi, a Mbewe, ndipo si zoona." Anandiyang'ana ngati galu wa pakhomo wayankhula. Kenako anati, "Mlembitu tikhoza kusankha wina." Ndinati akhoza, malamulo athu akulola, koma awa awerengedwe kaye. Ndinawauzanso kuti Loweruka ndipempha zinthu ziwiri, kuti oyenda kanjirako atumize anthu awo adzayankhule, ndiponso kuti tivotenso pa timapepala topinda, osati pokweza manja. Anati, "Mwayamba ndale muukalamba." Ndinatsanzika mwaulemu n'kutuluka. Nditafika pageti ndinazindikira kuti ndaiwala chipewa pa njerwa, ndiye ndinabwereranso kukachitenga iwo akundiyang'ana. Amayi ako ndawafotokozera, aseka mpaka misozi. Ati, "Zaka zonsezi kudikira kuti mukane kamodzi, n'kuiwalanso chipewa."

A Mbewe si munthu woipa, usawadane. Anatithandiza kwambiri pa maliro a agogo ako. Ndi munthu amene wazolowera kuti akafunsa anthu amavomera, ndipo amene anawazoloweretsa ndi anthu ngati ine. Ichi n'chimene chimandivuta kuvomera. Timakonda kunena kuti demokalase imaonongedwa ndi akuluakulu a ndale. Mwina. Koma pafupi ndi wamkulu aliyense pamakhala munthu wofatsa, waulemu, wosakonda mikangano, wogwira cholembera. Popanda ameneyo wamkuluyo sangapite patali.

Loweruka tikhoza kugonja. Anthu akhoza kumva a Mwale, n'kuvota pa timapepala, khoma n'kupambanabe. Zikatero ndidzalemba kuti lapambana, ndi chiwerengero chake chenicheni, ndipo ndidzavomera, ngakhale zidzandipweteke, n'kudikira nthawi ikakwana ngati Che Yusufu. Demokalase silonjeza kuti mbali yako ipambana. Usadzaitaye tsiku limene yakugonjetsa, ndipo uzidzaiopa kwambiri tsiku limene uli mbali ya ambiri, chifukwa pamenepo m'pamene dzanja limodzi lokana limaoneka ngati chosokoneza.

Kumene ukupitako ukapeza misewu yabwino ndi nyumba za malamulo zokongola. Usangalale nazo, koma ukafunse mafunso omwewa. Wokana ali kuti? Amene amasesa m'kalasi mwanu asanafike ophunzira, ali ndi mawu pa zimene zimamukhudza? Iwe wemwe ukakhala mlendo, ena azikavota pa zinthu zokhudza iwe uli panja pa chipinda. Ukadziwa mmene a Mwale amamvera, ndipo zimenezo ukazisunge, n'zofunika kuposa zolemba za m'kalasi. Akakakufunsa za kwanu, usakaname kuti zonse zili bwino, komanso usakagulitse dziko lako kuti aseke nawe. Ukawauze kuti kwanu kuli alembi ofufuta, komanso kuli telala amene anapereka makiyi asanapite kukapemphera.

Juzi lobiriwira lija amayi ako aliika pansi penipeni, ukalitulutse msanga, akuti kumeneko kwayamba kuzizira. Uziwaimbira Lamulungu lililonse, ngakhale ulibe nkhani. Ine ukhoza kungondilembera, ukudziwa kuti pafoni ndimangofunsa zanyengo. Koma chinthu chimodzi ndikupempha. Usasiye kundifunsa mafunso ngati lija. Unandifunsa kamodzi, ndinakuyankha zopusa, iwe n'kukhala chete mwaulemu. Ulemu umenewo ndi umene unatipha ife. Munthu akakuyankha kuti ndi mmene zimachitikira, ufunsenso kachiwiri, modekha, ngakhale akhale mphunzitsi wako, ngakhale ndikhale ine.

Unandifunsa kuti onse ake ati. Yankho lake ndi ili, monga ndalembera m'maminitsi amene ndikawerenge ndekha Loweruka, nditaimirira:

"Anthu asanu ndi anayi anavomera kuti kanjirako katsekedwe. Mayi Zimba anakana, ndipo anafunsa ngati oyenda kanjirako afunsidwa. Sanafunsidwe. Mlembi sanakweze dzanja mbali iliyonse, ndipo pa maminitsi oyamba analemba zosakhala zoona."

Amayi ako akuti chiganizo chomalizacho sichofunika, ndikungodzichititsa manyazi. Mwina akulondola. Ndachisiya momwemo. Tayipa ukapeza mpata, unditumizire lisanafike Loweruka, ndipo usasinthe kanthu.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge kumeneko.

Ndine bambo ako.